Chitseko cha kuseri

Pa Chitakale, kuseri kwa ometa tsitsi,
chiperoni chikudontha pa malata,
ndatsegula laputopu ya malemu Khoviwa,
kalaliki wa pa sikelo ya tiyi.
Mwana wawo Esinala wakhala pa kireti,
wakulunga chaja kudzanja ngati chingwe cha mbuzi.

Akuti siyikuyaka.
Kuyaka ikuyaka,
koma ikungoima pakhomo, kukuwa, kakasi.

Pali chitseko china chimene ambiri sachidziwa.
Chimatseguka kamphindi ka kuphethira kwa diso.
Ukadina batani, chala chikhale kale pa F2,
gogoda, gogoda, gogodanso.
Ukachedwa, zimitsa, uyambirenso.

Ndalowa.
Kuno kulibe zithunzi, kulibe nyimbo yolonjera,
mawu otumbuluka okha pa khoma la buluu.
Timayenda ndi mivi inayi,
mopapasa, ngati m'nyumba ya eni usiku.

Wotchi yake ikuti Januwale, tsiku loyamba,
pakati pa usiku, chaka chakalekale.
Kabatire ka m'kati, kofanana ndi khobidi, kanatha moyo,
ndiye makinawa akadzuka amabadwanso tsiku lomwelo.
"Chaka chimenecho ndinali sitandade thuu,"
akutero Esinala.
"Bambo anali asanagulitse njinga."

Apa pali mlonda wofunsa chiphaso kwa aliyense wolowa.
Apa chilolezo choti makina alote makina anzake m'mimba mwake.
Apo muyeso wa moto wopita ku ubongo:
pamenepo sindikhudzapo.
Ndinawotchapo ya mphunzitsi wa ku Chisitu,
fungo lake likadali m'mphuno,
ngongole yake ndinamaliza mwezi wa masika.

Ndipo nayi nkhani yonse:
mndandanda wa amene makina ayambe kumufuna podzuka.
Khoviwa anaika kafulashi kake patsogolo,
diski anaichotsa pa mzere.
"Kofiira? Kankakhala m'thumba la jekete."
Jekete iti, sindinafunse.
Miyezi isanu ndi inayi makinawa akuitana
kanthu kamene kali pansi pa dothi ku Nkando.

Ndabweza diski pa malo oyamba.
Ndalemba tsiku la lero, ola la lero,
dzanja likulemera ngati ndikusaina kalata ya kumanda.

F10. Makina akufunsa: tisunge zosinthazi?
Inde ali kumanzere. Ayi ali kumanja.
Ndabweza mpando m'mbuyo.
"Dinani nokha, achemwali."

Wayang'ana panja nthawi yaitali,
kumene phiri lafunda nkhungu mpaka m'mapazi.
Minibasi ya ku Muloza yaitana, yadzaza, yanyamuka.

Wadina.

Fani yatsokomola fumbi la kufakitale,
mdima pang'ono,
kenako maina a otchola tiyi, mzere ndi mzere,
makilo awo pambali,
ndi bokosi la Lachinayi limene Khoviwa sanadzaze.

Wandipatsa zikwi zitatu ndi chinanazi.
Kabatire kakufa kaja wakapempha,
wakamanga pa mfundo ya chitenje.