Kachitsotso

Ku Uyuni kuno pansi ndi mchere wokhawokha, woyera mbee,
kumwamba thambo lopanda ndi mtambo womwe,
ndiye kanthu kalikonse kalibe pobisala.

Ndinakaona koyamba pa chithunzi cha alendo a ku Korea,
anayi, atalumpha nthawi imodzi monga ndinawauzira.
Pamwamba pa phewa la mwana wawo panali kadontho kotuwa.
Ndinati ndi mbalame.
Chithunzi chotsatira, mbalame ili pomwepo.
Chachitatu, chakhumi, cha mawa lake,
kumanzere, cham'mwamba, osasuntha.
Mbalame yanji yotha sabata osakupiza mapiko?

Ndinapukuta lenzi ndi malaya. Ayi ndithu.
Ndinaiuzira mpweya wa m'kamwa n'kupukutanso. Kali pompo.

Zenobio Ajata, wokonza mawotchi ndi makamera
kuseri kwa siteshoni ya sitima,
lenziyo sanaiyang'ane n'komwe.
Anachepetsa kabowo ka kuwala mpaka pa 22,
analoza khoma lake loyera, dala osalunjikitsa,
kenako anandiitanira pa kompyuta.
Si kamodzi, anatero, tilipo khumi ndi tiwiri,
tili pa sensa, mkati, pomwe kuwala kumakafikira.
Unasinthira lenzi pamphepo, eti?

Ndinangoti duu.

Ndinasinthira ku manda a ku Colchani, mu Ogasiti,
tsiku lomwe tinaika mlongo wanga Fermina.
Mphepo inkatola dothi lofukulidwa kumene
n'kumalimwaza pa zipewa za azimayi, pa nkhata za mapepala.
Mayi anati, jambula onse amene abwera,
koma mu lenzi yaitali ija onse sakanakwana.
Ndinaichotsa. Kamera inakhala kukamwa yasa
kwa kanthawi kongomezera malovu.

Zenobio anaizondotsa,
natenga kampira kake kopopera mphepo: fu, fu, fu.
Tisanu ndi tinayi tinagwa.
Anadontheza madontho awiri pa kansalu ka kunsonga kwa kamtengo,
anagwira mpweya,
n'kukoka kamodzi kokha, kuchoka kumanzere kupita kumanja, osabwerera.
Tiwiri tinapita.
Kanatsala kaja, ka kumanzere cham'mwamba.
Aka n'kamakani, anatero, dikira ndidutsenso,
akung'amba kapepala ka kamtengo kena.

Ndinamugwira dzanja.

Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi ake.
Sanafunse kanthu.
Anandichotsera maboliviano khumi pa mtengo,
ati ntchito yosamaliza salandira yonse,
n'kubwerera ku wotchi yomwe anaisiya chitsegulire.

Alendo salipira fumbi, ndikudziwa.
Choncho usiku uliwonse, zala zitauma ndi chisanu,
ndimakhala pa kompyuta n'kumakafufuta,
kubwereka kachidutswa ka thambo la pambali n'kuphimbira,
chithunzi ndi chithunzi, nthawi zina mazana awiri.
Tsiku lina tulo titandilemera
ndinafufuta mbalame yeniyeni,
ya miyendo italiitali, yofiirira, ikuuluka yokha kupita kuthamanda,
n'kusiya kachitsotso.
Mayi wa ku Lyon mwini chithunzicho analemba kundithokoza:
ati mbalameyo ndiye yakometsa zonse.

Kali ndi khalidwe lake kanthuka.
M'nyumba, madzulo, kabowo ndikakatsegula kwambiri,
sikaoneka, ungalumbire kuti kanachoka.
Kamadikira masana, dzuwa likaswa mtengo,
mchere ukuthobwa m'maso, anthu akuseka,
ine n'kuchepetsa kabowo kuti zonse zioneke bwino,
za pafupi ndi za kutali.
Pamenepo mpomwe kamatulukira.

Dzulo ndinajambula mayi ataima pakhomo,
ubweya wa lama uli m'manja, thambo lili kumbuyo kwawo.
Ichi sindinachikhudze.
Anachiyang'ana nthawi yaitali pa kagalasi ka kamera,
anapaka chala malovu n'kupukuta pakona,
n'kupukutanso.
Kamera yako yada, anatero.
Inde mayi, ndinayankha, ndidzapita nayo kwa Zenobio.