Wolemba Zikwangwani Alankhula ndi Mlamu Wake

Ine ntchito yanga ndi penti ndi bulashi.
Nsomba ili pakhoma la golosale ku Chibavi ndinajambula ndine,
ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zapita
palibe wanjala anayesapo kuikazinga.
Aliyense amadziwa: nsomba ya pakhoma ikuti lowani,
usipa uli m'kati.

Nanga iwe Vitumbiko, mlamu wanga,
ukatsegula masamba omaliza a Mawu a Mulungu
nzeru yomweyi umaivuliranji pakhomo
ngati nsapato zamatope?

Wagulitsa njinga ya kabaza.
Akuti pa Katoto panaima munthu wa chimkuzamawu,
anawerenga nyanga za chilombo,
anaphatikizapo mtengo wa feteleza,
napeza kuti dziko litha Lachiwiri la mwezi wamawa.
Iwe unaomba m'manja.
Mlongo wanga akufunsa za ufa.

Khala apa. Chifunga chisanachoke sindipenta,
khoma lonyowa limalavula utoto.

A Mughogho, amene anandigwiritsa bulashi ku Luwinga,
ankati usayambe chilembo usanawerenge mawu onse.
Sindinamve. Ndinalemba MALO OGONA,
khoma linathera pa OGO,
tauni yonse inaseka mpaka mvula inafufuta.
Ndime imodzi ukaizula pakati pa zinzake
umatsala ndi OGO, mlamu,
ndipo umamangapo mpingo.

Muvi wolozera ku Nkhata Bay
ukauzika pamsewu wa ku Ekwendeni umasanduka wabodza,
chonsecho penti yake ndi yomwe ija.
Masomphenya aja anali ndi eni ake oyamba,
anthu okwapulidwa, opemphera mobisala,
odziwa chilombo ndi fungo lake lomwe.
Funsa kaye kuti iwo anamva chiyani
usanathamangire nawo ku nkhani za pawailesi.

Pena wolembayo amamasulira yekha:
zoikapo nyale, akuti, ndi mipingo.
Wakupatsa kiyi m'manja,
iwe ukuthyoleranji zenera?
Pena chithunzicho anachitunga kwa aneneri akale,
chitini chimodzi, makoma awiri.
Bwerera m'mbuyo ukaone pamene chinapakidwa koyamba.

Ndikasakaniza utoto ndimatuluka nawo panja
chifukwa m'chipinda mtundu umanama.
Ndime yamdima itulutsire padzuwa la ndime zomveka.
Zomveka zilipo, sizifuna chimkuzamawu:
kuti tsikulo palibe alidziwa,
kuti mnzako umukonde,
kuti banja lako lidye.

Zina sindizidziwa, ndisakunamize.
Dzombe lija la nkhope za anthu
ndalisinkhasinkha usiku wambiri, malata akulira ndi mvula,
ndapita nalo kwa akulu ampingo ku Chiputula,
takambirana mpaka tiyi anazizira,
tabalalika tili chimodzimodzi.
Pamenepo ndimasiya khoma loyera.
Kusiya mpata si tchimo.
Tchimo ndi kulembapo dzina la mdani wako
n'kunena kuti walemba ndi Mulungu.

Koma pakati pa chithunzi chonsecho ndapaona.
Wamasomphenya anamva za mkango,
atacheuka anaona Mwanawankhosa wa zipsera.
Chikwangwani chilichonse m'menemo chikuloza kwa Iye.
Kumasulira kumene kumakusiya ukunjenjemera,
thumba lako lapepuka, la mlaliki lalemera,
Mwanawankhosa osatchulidwa n'komwe,
kwasokera, ngakhale masamu ake akhale okoma chotani.

Taona, mitengo ya ku Kaning'ina yayamba kuoneka.
Anagula njinga uja amakhala ku Zolozolo, ndikumudziwa,
ndinamulembera pageti kuti CHENJERANI NDI GALU
chonsecho galu alibe.
Ndili ndi kangachepe ka saluni ya NyaLuhanga.
Tiye tikamuchonderere.

Adzabwera ndithu Mwini wake, sindikutsutsa.
Koma akadzabwera, Lachiwiri kapena Loweruka,
akupeze ukupalasa chitunda cha ku Masasa,
thukuta lili kamukamu,
mayi wina ndi dengu la tomato kumbuyo,
ukumufikitsa bwino kumsika.