Mlendo wa M'chiwindi

Ndinkangofuna chikalata cha ntchito ya ku Korea.
M'mawa umenewo ku Ulaanbaatar
utsi wa malasha unali utagonera mahema a m'phiri,
mpweya ukuuma pa ndevu.

Dokotala Tsetsegmaa analoza ndi cholembera
pansi pa nthiti zanga, kumanja.
"Apa. Muli kachilombo m'chiwindi, ka mtundu wa B."
Ndinaseka. Ine wosenza matumba awiri a simenti,
maso oyera mbee, osadwalapo chikasu?
"Chiwindi sichidandaula msanga," anatero.
"Chimasefa, chimasunga, chimapirira,
zipsera n'kumachuluka chili duu
ngati wantchito woopa kuchotsedwa."

Ndinayamba kuwerenga zolakwa zanga:
lezala la wometa wa pamsika,
kavalo amene ndinalembetsa pamkono ndili msilikali,
usiku wina umene sindiutchula.
Iye anangofunsa za amayi.

Amayi anandiberekera m'hema ku Arkhangai
chipale chitatseka njira, katemera ali kutali.
Anandipatsa dzina, mphuno iyi,
ndi mlendo amene iwonso sankadziwa kuti akumusunga.
Malume Luvsan anapita mimba itatupa.
Tonse tinkati ndi mowa.

Kunyumba Nergui anapatula mbale yanga ya tiyi wamchere
n'kuiika payokha pamwamba pa kabati.
Masiku atatu ndinamwa ngati wobwera.
Tsiku lachinayi anapita yekha kuchipatala,
anabwerako ndi kathonje pamkono,
anatsitsa mbale ija osanena kanthu.
Sikayenda m'mbale, anamuuza kumeneko,
kamadzera m'magazi, pobereka, ndi pogona awiri.
Lezala ndi mswachi, aliyense zake.

Tsopano ndi piritsi limodzi m'mawa uliwonse.
Silimupha mlendoyo, limangomugoneka tulo.
Paphwando kapu ya vodika ikandipeza
ndimaikhudza ndi chala n'kuipatsira wina.
Kawiri pachaka amandipaka mafuta ozizira pamimba
ndipo ndimachiona pa kanema,
chotuwa ngati mwezi wa m'mitambo,
chikugwirabe ntchito.

Za ku Korea zidikire kaye.

Sarnai wabadwa Lachiwiri usiku.
Tsiku lisanatembenuke namwino wamubaya pantchafu,
kakhanda n'kukuwa mpaka kukhonde.
Amayi anali pakhomo, chipewa chaubweya chili m'manja.
Anafunsa ngati ndi jakisoni uja.
Ndinati ndi yemweyo.
Anakhala pansi pa benchi
n'kuyamba kumasula mabatani a chikhoti, limodzilimodzi.