Mng'alu wa ku Lamjung

Ndinamanga dzenjeli ndidakali ndi mano onse.
Simenti ndinasenza ndekha kuchokera ku Besisahar,
matumba khumi ndi anayi,
lamba wa dengu akundidya pachipumi.
Sabata ino Harkamaya wanditumira mwana:
akuti lawi lafooka, tiyi akuchedwa kuwira.

Ndapeza njati zake zikubzikula m'khola,
ziwiri, yakuda ndi yothyoka nyanga.
M'mawa uliwonse amawola ndowe zawo ndi manja,
kusakaniza ndi madzi, makoko a mbatata,
mpunga wogona, masamba ofota a kabichi,
n'kutsanulira m'kamwa mwa dzenje.
Pansipo, mumdima, muli mimba yosagona
imene imadya zomwe ife tataya
n'kugeya mpweya woyaka.

Ndikuikumbukira khitchini iyi kale:
denga lili bii ndi mwaye,
maso a Harkamaya ofiira ngati tsabola,
chifuwa chikulira usiku ngati chitseko chadzimbiri.
Ankalawirira kuphiri ndi chingwe,
kubwerako dzuwa litapendeka, msana utapindika.
Zaka khumi ndi ziwiri tsopano nkhwangwa ili pakona.
Nkhalango ya kumtunda yapola mabala ake,
anyani abwerera, akumuberanso chimanga,
iye amawatukwana uku akuseka.

Koma sindinabwere kudzatamanda manja anga.
Ndasungunula sopo m'mbale,
ndikupaka thovu pa mfundo za paipi,
pa chivindikiro, pa khosi la simenti.
Apa zii.
Apanso zii.
Kenako kuseri, pafupi ndi mtengo wa lalanje,
thovu latupa, laphulika, latupanso,
ngati khosi la chule.

Mng'alu wowonda ngati tsitsi.
Kaya ndi chivomezi chija, kaya dzanja langa linafulumira
tsiku lija mvula inkaopseza.
Mpweya uwu ukapsa pa mbaula ndi wantchito womvera.
Ukathawa wosapsa umakwera mwakachetechete
kukafunditsa bulangete dziko lomwe likutuluka kale thukuta.
Ulibe mtundu. Susiya mapazi.
Ndakweza maso kuona phiri loyera lija:
chipale chake chabwerera m'mbuyo ngati tsitsi la pamutu panga,
ndipo sindidziwa kuti mng'alu wangawu
wadyako zala zingati.

Pali chinanso.
Jitman wa kumunsi wandiimitsa panjira.
Matope otuluka kuseri kwa dzenje,
omwe amanenepetsa mawere ndi mpiru,
mvula ikakula amasefukira,
kutsika masitepe a minda mmodzimmodzi
mpaka m'khwawa lomwe ana ake amasambamo.
Madzi abiriwira ndi ndere, akutero,
tinsomba tija tinkabisala kunsi kwa miyala sakutionanso.
Sanakalipe ayi.
Wangondionetsa miyendo ya mwana wake, zidzolo mbwee.

Ndiye ndagwada.
Ndagoba mng'alu ndi tchizulo,
ndamata simenti, ndapaka phula kawiri.
Ndakumbanso dzenje lina losungira matope,
la denga laudzu, kutali ndi khwawa,
kuti adikire chilimwe, aume, apite kumunda pamsana
osati pamadzi.
Ndalama ndakana,
ngakhale Harkamaya wandilondola nazo mpaka pakhola.

Tsiku lachinayi wakhwatcha machesi.
Lawi ladumpha, labuluu, la mano ofanana,
lopanda utsi, losachulutsa mawu.
Wandipatsa tiyi wa mkaka wa njati yothyoka nyanga ija,
wotsekemera mopitirira, monga amakondera iye.

Ndikumwa, koma khutu lili panja.
M'mapiri muno ndinamangamo maenje ena makumi atatu ndi limodzi,
ena eni ake anapita ku Qatar, ena anamwalira,
onse akupuma mumdima usiku uno
popanda womvetsera.
Mawondo anga akukana zitunda,
ndipo sopo ndatsala naye kachidutswa kamodzi
m'thumba la malaya.