Mzati wa Kumanzere

Sikelo yatha pa Matawale.
Amayi abwerera ku Chinamwali, ena kutsidya kwa Likangala,
andisiyira manambala makumi asanu ndi limodzi kudza atatu
omwazikana m'kaundula ngati nandolo wotayika pabwalo:
7.4, 9.1, 6.8, 10.2,
onse ana a chaka chimodzi,
aliyense analira polendewera m'kabudula wa sikelo.

A Likaka akufuna histogalamu Lolemba.

Ndiye ndatenga lula, pensulo,
ndi pepala la timabokosi logula ku Mpondabwino.
Ndajambula mzere wogona,
ndaugawa zipinda zisanu ndi chimodzi,
chilichonse kilo imodzi m'lifupi,
kuyambira pa faifi mpaka pa leveni.
Chipinda chisakule kuposa chinzake,
amatero a Likaka, akugogoda tebulo ndi bolopeni,
apo ayi chithunzi chidzanama uli pomwepo.

Ndikuwalowetsa mmodzimmodzi.
Timizere tinayi, kachisanu kopingasa,
mitolo ngati ya nkhuni
zotsika m'phiri pamitu ya anthu m'bandakucha.

Mwana wa Asiyatu walemera 8.0 ndendende.
Waima pakhomo, mwendo kuno mwendo uko.
Lamulo likuti wapamalire alowe kumanja,
ndipo ndamulowetsa,
ngakhale ndikudziwa kuti anayamwa kaye asanakwere.

Tsopano mizati ikuimirira:
awiri, asanu ndi mmodzi, khumi ndi anayi,
makumi awiri ndi mmodzi,
kenako kutsetsereka, khumi ndi atatu, asanu ndi awiri.
Yagundana mapewa yonse
ngati nyumba za lendi ku Chikanda, khoma limodzi mabanja awiri.
Mpata palibe,
poti kulemera sikudumpha,
kumakwawa galamu ndi galamu.

Ndakweza pepala pawindo.
Taonani, phiri lomweli la Zomba!
Pakati patalika, m'mbali mwafupika,
kungosowa nkhungu ndi mitengo ya paini.
M'mawa muja ndinkangomva kulira,
tsopano ndikuona dera lonse litaima chilili.

Koma diso likuthawira kumanzere,
ku kamzati ka timabokosi tiwiri,
pakati pa faifi ndi sikisi.
Pepala likuti awiri, basi.
Silidziwa kuti mmodzi ndi Twaibu
wa mayi wogulitsa mandasi padepoti,
amene anandiyang'ana muvi wa sikelo utaima msanga
kenako n'kuyang'ana pansi.
Silidziwa chifuwa cha Ndaziona,
kapena tsitsi lake lofiirira ngati ndevu za chimanga.

A Likaka adzati ntchito yaudongo,
adzakhoma pepala pakhoma ndi guluu.

Ine mawa ndipopa njinga,
ndimanga katoni ya chiponde pakaliyala,
ndikhota pa mjigo wakufa uja.

Mizati inayi ndi wachisanu ndaidinda ndi inki.
Wa kumanzere ndausiya m'pensulo,
labala ndasunga m'thumba la yunifolomu.