Masamba Pansi pa Mbale

Ntchito yanga ndi kuwerenga magazi a anthu.
Kachipinda kopanda zenera, kuseri kwa wodi ya amayi,
ndi makina amene amakhosomola magetsi akabwerera.
Timati magazi sanama. Ndinkatero nanenso.

Lachiwiri lina, nkhungu itatsika kuphiri
mpaka kukwirira malata a chipatala,
kunabwera kabotolo ka Asiyatu Mdoka,
wogulitsa masitiroberi pamsewu wokwera ku Chawe.
Manambala anatuluka akukuwa:
chithokomiro chikuthamanga, m'khosi muli moto.
Ndinasaina, ndinadinda,
ndinapita kukadya chimanga chootcha pageti.

Adokotala anamulembera mapiritsi
ozimitsa moto umene kunalibe.
Patatha milungu isanu anabwerera
atavala majuzi awiri mu Okutobala,
zikope zolemera, mawu akukoka miyendo.

Ndinamupeza pabenchi.
"Mayi, pali china chimene mumamwa? Kapena kubayitsa?"
"Mankhwala ayi."
Anapotokola nsonga ya mpango, napotokolanso.
"Koma mavitamini aja.
Amenewotu si mankhwala."

Ku Chinamwali, kuseri kwa saluni,
kuli nsalu yotchinga ndi mpando wapulasitiki,
ndi mayi wina wa manja ofewa, wosafunsa zambiri.
Loweruka lililonse: ya tsitsi, ya khungu, ya mphamvu.
Tsitsi linayamba kuthothoka atabereka wachitatu,
ndipo bambo akunyumba anangoyang'ana chipeso
osanena kanthu. Kusanenako kunamubaya
jakisoni asanamubaye.

Ndimuuze bwanji za makina?
Ndinati, "Mukudziwa mbale ija amayala masamba pansi
kuti zipatso zioneke mulu?"
Anaseka koyamba. "Enatu amatero. Ine ayi."
"Vitamini wa tsitsi akachuluka m'magazi
amakhala ngati masambawo.
Makina anga anaona mulu, anakhulupirira.
Ine ndinagula mbaleyo osayang'ana pansi,
n'kukugulitsaninso inu."

Sanandikwiyire. Bwenzi zili bwino akanakwiya.
Anangofunsa, akusisita phewa lolimba ngati mango aawisi,
"Nanga zaka ziwiri zimene ndabayitsa,
zili pati m'thupi muno?"

Ndinayamba kuwerenga zala ngati mwana wasukulu.
Ena amatuluka ndi mkodzo tsiku lomwelo,
ndalama zanu n'kupita m'chimbudzi.
Ena ndi alendo osatsanzika,
amayala mphasa m'chiwindi, m'mafuta,
n'kukhala chete zaka.
Koma za kabotolo kanuko, ka zilembo za dziko lina,
kopanda tsiku, kopanda dzina loti ndingalitchule,
sindikudziwa, mayi.
Ndili ndi makina oyeza shuga, oyeza impso,
oyeza malungo a dzulo.
Oyeza mawa sanatitumizire.

Tinagwirizana ndi adokotala: mapiritsi aime,
jakisoni aimenso, magazi apume,
tidzatengenso akakhala okhaokha.

Madzulo amenewo ndinatenga mulu wa mafomu,
mazana awiri kapena kuposa,
ndi cholembera chofiira cha asisitala.
Pansi pa dzina, pansi pa zaka,
ndinalemba ndi dzanja, fomu ndi fomu:
Mwabayitsapo mavitamini? Liti? Kuti?
Dzanja linachita dzanzi ndisanafike theka.

Anabwera tsiku lake. Ndinamanga mkono,
mtsempha unatukuka mosavuta.
Manambala anatuluka akunong'ona,
akubwerera pang'onopang'ono pamalo pawo
ngati ana ochokera kosewera mvula.

Potuluka anandisiyira mbale pawindo la kalaliki.
Ndinadya mpaka pansi, nditaima.
Munalibe tsamba ndi limodzi lomwe.

Lero ndi Lachisanu.
Mvula yoyamba ikununkhira kuchokera ku Likangala.
Mawa nsalu ija idzatsegulidwanso,
ndipo chipeso chikadali pamalo pake,
pafupi ndi galasi,
ndi tsitsi la m'mawa uno m'mano mwake.