Mapu Awiri a Bukaresiti

Ndayala mapu awiri patebulo la kukhitchini,
akale pansi, a chaka chino pamwamba,
ndawaunikira ndi tochi chakunsi
kuti misewu yakufa ionekere mwa yamoyo.
Nayi Strada Cazărmii, yowonda ngati mtsempha wapadzanja.
Pamwamba pake pepala latsopano langoti mbuu,
malo oimikapo magalimoto basi.

Ndinachoka kumeneko ndili ndi zaka zinayi,
nditakhalira matiresi pamsana pa lole.
Chimene ndikukumbuka ndi fumbi m'mano
ndi galu wa aneba akutithamangira mpaka pamlatho.

Loweruka, pamsika wa zakale,
mkulu wina wa zala zachikasu ndi fodya
anandigulitsa chithunzi pamtengo wa buledi mmodzi.
Kuseri kwake wina analemba ndi pensulo: Uranus, 1978.
Msewu wotsetsereka, chipale chofewa m'mphepete,
mpesa wouma utakwera khonde,
mzimayi wonyamula chikwama, nkhope yosaoneka bwino
chifukwa anatembenuka nthawi yolakwika.
Ndinawerenga mazenera, ndinawerenga mitengo yamagetsi,
ndinayeza mthunzi wa nsanja ya tchalitchi ndi rula ya mwana wanga.
Sizinagwirizane.
Mapu akuti msewu umakhotera kumanzere,
chithunzi chikukana, chikuti kumanja.
Milungu itatu ndakhala ndikuweruza mlandu
wa mapepala awiri osalankhula.

Amayi amakhala m'chipinda chachisanu ndi chiwiri kuchokera pansi,
m'nyumba yosanja imene boma linawapatsa m'malo mwa bwalo lawo.
Masiku ano amanditchula dzina la mchimwene wawo
ndipo amasunga masupuni m'firiji.
Ndinawapatsa chithunzicho osayembekeza kanthu.
Anachiyang'ana kanthawi, kenaka tsonyo:
"Wachitembenuza ndani?
Shopu ya nsapato ya a Vlăsceanu inali mbali iyi.
Ankalankhula misomali ili kukamwa,
moni wawo sunkamveka.
Uyu ndi Smaranda, wa mwendo wodwala uja,
anandibwereka sefa, sanabweze."

Ndinapita nacho kubafa, ndinachiloza pagalasi.
Msewu unakhotera kumanzere.
Wotsuka filimu, zaka zonsezo zapitazo,
anaika negativu chagada,
ndipo mudzi wathu wonse unakhala chamanzere m'bokosi la nsapato
kudikira nkhalamba yoiwala dzina la mwana wake
kuti iwubwezere m'malo.

Amati matchalitchi ena anawakweza panjanji,
n'kuwakankha pang'onopang'ono kukawabisa kuseri kwa nyumba zazitali.
Nyumba yathu inalibe woikankha.
Inali ndi zipinda ziwiri, mpopi wapabwalo
ndi chitseko chimene chinkafuna bondo kuti chitseguke.

Lero ndapitako, mapu ali m'thumba la jekete.
Ndayambira pangodya yokhayo imene inapulumuka,
ndawerenga mapazi mazana atatu ndi khumi ndi awiri,
phiri lija kulibe, analisalaza,
choncho mwina ndikuyenda pansi pa maziko athu
kapena m'mwamba mwa denga, sindikudziwa.
Ndaima pakati pa galimoto yoyera ndi ngalande.
Kutsogoloku chinyumba cha nsangalabwi chatseka theka la thambo,
alendo akuchijambula ndi mafoni.

Mlonda wabwera, mnyamata wa ndevu zongomera kumene.
"Mwataya chiyani, bambo?"
Ndamuonetsa chithunzi, ndamuuza kuti waima m'khitchini mwathu.
Wayang'ana phula, wayang'ana nsapato zake,
ndipo, osaseka, wasuntha phazi limodzi chammbuyo.

Madzulo ndajambula mzere wofiira pamapu atsopano,
ndalemba nambala 23, ndalemba Vlăsceanu,
ndalembanso Smaranda, ndi sefa ija pambali pake.
Amayi aimba foni kufunsa ngati ndatseka mpopi wapabwalo.
Kuzizira kukubwera, akutero, paipi iphulika.
Ndawauza kuti ndatseka.